Mlendo wa Pachikuku: Ulendo Wathu wa ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka

Tafuna kukusimbirani za ulendo umene tinayenda m'mwezi wa Okutobala chaka cha 2024, kuchokera ku mapiri a ku Dedza kutsikira ku chigwa cha kunyanja. Unali ulendo wa masiku atatu okha, ndipo mtunda wake si wautali, koma zimene tinaona m'njira zatikhala mumtima kufikira lero. Tinalipo anthu asanu: ife awiri eni banja, ana athu awiri, mnyamata ndi mtsikana amene ali ku sekondale, ndiponso amalume athu, amene ndiwo anali eni ulendo.

Amalumewo ndi mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo zaka zawo zapitirira 75. Masiku a mphamvu zawo anali munthu wosadziwa kutopa, wopalasa njinga kuchokera kusukulu kupita kumunda, kuchokera kumunda kupita kukazonda odwala. Mu 2021 matenda a shuga anawadulitsa mwendo wakumanja pamwamba pa bondo, ndipo kuyambira pamenepo amayenda pa chikuku. Akuluakulu anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Mwambiwu tinkaudziwa chiyambire ubwana wathu, koma tinaumvetsa tsiku limene tinaona munthu amene anatiphunzitsa kupalasa njinga akulephera kukwera khonde la nyumba yake yomwe.

Chimene chinawapangitsa kufuna ulendowu ndi ichi. Pamene iwo anali kamnyamata ka zaka 8, amayi awo, amene ndi agogo athu, anadwala khate. Masiku amenewo nthendayi inali yoopedwa zedi, kotero kuti mudzi unawamangira kanyumba kawokawo kunja kwa mudzi. Pambuyo pake anawatengera ku Mua, kumene amishoni a Chikatolika anali kusunga ndi kuchiza akhate. Kawiri pa chaka, amalume ndi atate awo ankatsika phiri wapansi, atasenza ufa ndi nyemba, kukaona wodwalayo. Tsiku lina tili pakhomo pawo anatiuza kuti, "Ana anga, ndisanatsikire kulichete, ndifuna ndikaonenso malo amene anasunga mayi anga pamene mudzi unawakana." Mawu otere sakanidwa. Tinabwereka galimoto, tinapinda chikuku ndi kuchiika kumbuyo, ndipo tinanyamuka.

Kutsika Khwekhwerere

Tauni ya Dedza ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Choncho munthu wochokera ku Dedza kupita ku Golomoti amatsika pafupifupi mamita 1,000 m'nthawi yochepa. Tinatsata msewu wa M1 kulowera kummwera mpaka pa Masasa, pamene tinakhotera kumanzere ndi kulowa msewu umene anthu anaupatsa dzina loti Khwekhwerere. Dzinali silinama ayi. Msewuwo umakhotakhota ngati njoka, phiri mbali iyi, phompho mbali inayo, ndipo woyendetsa wanzeru amatsika ndi giya yaing'ono kuti mabuleki asatenthe.

Tinaima pamalo ena kuti tione dziko. Pansi pathu panali chigwa cha Bwanje chitayalidwa ngati mphasa, ndipo kutali kunkaoneka madzi a nyanja ali mbuu. M'mbali mwa msewu anyamata anali kugulitsa tigalimoto ndi tinjinga tosema ndi mtengo, topangidwa mwaluso ndithu. Amalume anali kuloza mitsinje ndi zitunda, natchula maina amene ife sitinawamvepo. Anati pamene ife tatsika osakwana ola limodzi, iwo ndi atate awo ankayenda kuyambira tambala woyamba mpaka dzuwa litapendeka. Majuzi amene tinavala mmawa tinawavula tisanafike pansi, pakuti kutentha kwa kuchigwa m'mwezi wa Okutobala kumachita ngati munthu wayandikira ng'anjo ya njerwa.

Pa Golomoti msewu wa phiriwu umakumana ndi msewu wa M5, umene umachokera ku Balaka kupita ku Salima. Pomweponso pamadutsa njanji imene inafika ku Salima mu 1935. Tinaona milambe ikuluikulu yopanda masamba, migwalangwa, ndi ng'ombe zikufunafuna mthunzi. Tinaonanso chinthu chatsopano chimene amalume sanachidziwe: munda wa magalasi otapa mphamvu ya dzuwa, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo umapereka magetsi okwana mamegawati 20, uli ndi mabatire osungira mphamvuyo. Amalume anapukusa mutu nati, "Dzuwa lomwe lija linkatiwotcha mapazi, lero likuyatsa nyali m'mizinda!"

Usiku woyamba

Dzina la nyumba imene tinagona usiku woyamba sititchula, ngakhalenso malo ake enieni. Cholinga chathu sindicho kuchititsa munthu manyazi, ndiponso zimene tinapeza kumeneko mungazipeze m'nyumba zambiri zogona alendo m'dziko muno. Tisananyamuke tinaimba foni ndi kufunsa ngati munthu wa pachikuku angathe kugona bwino pamalopo. Yankho linali lachangu: "Palibe vuto, bwerani." Ife tinakhulupirira, osafunsanso zambiri.

Titafika tinapeza nyumba yokongola ndithu, yopakidwa penti watsopano, ndi maluwa pabwalo. Koma bwalolo linali la mchenga, ndipo mateyala a chikuku anatitimira pomwepo. Titalimbana ndi mchengawo tinafika pa masitepe atatu okwerera pakhonde, opanda pogwira. Kwa ife oyenda ndi miyendo iwiri masitepe atatu si kanthu, sitiwawerenga nkomwe. Kwa amalume anali ngati mtsinje wodzaza. Anthu anayi tinanyamula chikuku pamodzi ndi mwini wake, ndipo pa sitepe yachiwiri mlonda anaterereka, chikuku chinapendekeka, amalume anangotsala pang'ono kugwa chamutu. Alendo ena amene anakhala pakhonde anasiya kucheza nayamba kutipenyetsetsa. Amalume anaweramitsa nkhope.

Polembetsa alendo panali tebulo lalitali lofika m'chifuwa mwa munthu woimirira, kotero kuti wolembayo sanathe kuwaona amalume bwinobwino. Mnyamatayo anatiyang'ana ife nafunsa kuti, "Kodi madalawa adya chiyani? Amamva?" Tisanayankhe, mawu anachokera kunsi kwa tebulo lija: "Mwanawe, mwendo wokha ndiwo anadula, makutu ndi pakamwa anandisiyira. Funsa ine." Mnyamatayo anachita manyazi napepesa. Sanali wamwano ayi. Kungoti panalibe amene anamuphunzitsapo.

Pachitseko cha chipinda chikuku chinalowa mokhula mphuthu. Koma khomo la kubafa, kumene kunalinso chimbudzi, linali lopapatiza kwambiri, ndiponso linali ndi kachipupa kotchinga madzi. Chikuku sichinathe kulowa mwa njira iliyonse. M'katimo munalibe chitsulo chogwirira ngakhale mpando, ndipo pansi panali matailosi oterera. Bedi linali lalitali, swichi ya magetsi inali pamwamba pafupi ndi chitseko, ndipo neti yotchinga udzudzu anaimanga pamene munthu wokhala pansi sangafikire.

Pa chakudya chamadzulo tinaona chinthu chimene chinatidetsa nkhawa. Amalume anakana tiyi, anakananso madzi, chonsecho kunja kunali kotentha ndipo iwo ndi munthu wa shuga. Titawaumiriza anati alibe ludzu. Patapita nthawi tinazindikira chifukwa chake: ankaopa kuti akamwa adzafuna kupita kuchimbudzi usiku, ndipo adzavutitsa anthu. Taganizani, abale, munthu wamkulu kudzimana madzi m'dziko lotentha chotero chifukwa cha khomo loperewera masentimita ochepa okha!

Pakati pa usiku mnyamata wathu, amene anagona nawo m'chipindamo, anadzidzimuka atamva chinthu chikugwa. Amalume anayesa kudzikoka okha kuchokera pa chikuku kulowa kubafa, atagwira chitseko, ndipo anaterereka. Mwamwayi sanathyoke fupa, anangosupuka chigongono. Kutacha anasamba m'beseni pakati pa chipinda, mdzukulu wawo akuwathandiza. Atavala anatiitana nati, "Tiyeni tibwerere kumudzi. Kwathu ndine munthu, kuno ndasanduka katundu."

Tinasowa chonena. Amene anapulumutsa ulendowu ndi mtsikana wathu. Anagwada pafupi ndi chikuku nati, "Agogo, muli mwana munatsika phiri lonse lija wapansi kudzaona mayi anu. Lero mwafika pakhomo penipeni, kodi masitepe atatu akubwezeni?" Amalume anakhala chete kanthawi, kenaka anapempha kapu ya madzi.

Ku Mua

Mua ali pang'ono kumadzulo kwa msewu wa M5, patsinde pa phiri, m'dera la Inkosi Kachindamoto ya Angoni. Mishoniyi inayambidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, ndipo ili m'gulu la mishoni zakale kwambiri za Chikatolika m'dziko muno. Pali tchalitchi, chipatala, sukulu, ndiponso malo a zaluso ndi chikhalidwe otchedwa Kungoni, amene Bambo Claude Boucher a ku Canada anawayambitsa mu 1976. Anthu a kuderali anawapatsa mfunda woti Chisale. Kumeneko kwaphunzira amisiri ambiri osema ziboliboli, ndipo ntchito za manja awo zafika m'maiko akutali. Palinso nyumba yosungiramo zakale yotchedwa Chamare, imene imafotokoza mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa kwa munthu mpaka maliro ake. M'menemo asungamo zigoba za gule wamkulu zoposa 400. Ana athu, amene zambiri za makolo awo amangozimva m'kalasi, anatuluka ali ndi mafunso osatha.

Koma mtima wa amalume sunali pa ziboliboli. Anatipempha kuti tiwakankhire pamthunzi pamene akanatha kuona bwino dera lonselo, kufupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Atayang'anayang'ana anatiloza mbali imene, monga mwa kukumbukira kwawo, kunali nyumba za akhate. Malo osungira akhate ku Mua anatsegulidwa m'zaka za m'ma 1920. Pachiyambi mankhwala anali mafuta a mtengo wina wa ku Asia, amene ankabaya nawo odwala, jekeseni yowawa koma yothandiza pang'ono. M'zaka za m'ma 1950 kunafala mapiritsi otchedwa dapsone, ndipo amenewa ndiwo anachiza agogo athu. Kuyambira mu 1981 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza zophatikiza mankhwala angapo, amene amachiza khate m'miyezi 6 kapena 12. Pofika 1994 nthendayi inachepa kwambiri m'Malawi, ngakhale kuti odwala ena akupezekabe mpaka lero. Nkofunika kuti aliyense adziwe kuti khate limachizika, ndipo munthu akafulumira kupita kuchipatala sapunduka.

Amalume anatisimbira za tsiku limene anaona sisitere wina akutsuka zilonda za amayi awo ndi manja ake, pamene kumudzi ngakhale abale awo enieni ankawaikira chakudya patali ndi kuthawa. Agogowo anakhala ku Mua zaka zisanu, nabwerera kumudzi atachira, koma zala zina zitaduka. Ngakhale anachira, mpaka imfa yawo anali ndi mbale yawoyawo ndi chikho chawochawo, ndipo pa ukwati kapena pamaliro ankakhala kumapeto kwa mphasa. Atanena izi amalume anapukuta misozi, nawonjeza mawu amene sitidzawaiwala: "Mayi anga anawapatula ndi pakamwa. Ine palibe amene wandinena choipa, aliyense akuti takulandirani. Koma masitepe ndi zitseko zikunena zomwe zija anthu ankanena kwa mayi anga."

Pa Mua palinso sukulu ya ana osamva. Pobwerera tinakumana ndi ana ena akucheza ndi manja, akuseka kwambiri nkhani imene ife sitinaitole. Mtsikana wathu anafunsa kuti, "Kodi mmodzi wa awa akadzakula nakagona kunyumba ya alendo, moto ukabuka usiku, adzamudzutsa bwanji, popeza kugogoda sangamve?" Funso limeneli linatitsegula maso. Ife tinali kuganiza za chikuku chokha, chonsecho ulumali uli wa mitundumitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi khomo lake lotsekeka.

Usiku wachiwiri

Madzulo tinalowera kumpoto, cha ku Mtakataka, kumene kuli siteshoni ya sitima ndi sukulu yophunzitsa apolisi. Kufupi ndi kumeneko kuli minda ya mthirira ya chigwa cha Bwanje, ya mahekitala 800, imene inakonzedwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imamwa madzi a mtsinje wa Namikokwe. Mpunga wambiri wogulitsidwa m'misika ya kuderali umachokera kumeneko.

Ulendo uno tinachenjera. Mnyamata wathu anatenga chingwe nachiyeza m'lifupi mwa chikuku, chimene chinali masentimita 68, namanga mfundo. Pa nyumba iliyonse iye ankatsika yekha ndi chingwe chake kukayeza makomo, amalume ali m'galimoto. Nyumba ziwiri tinazipitirira. Yachitatu inali yaing'ono ndi yotsika mtengo, ya zipinda zochepa, yopanda maluwa ngakhale chikwangwani chowala. Mwini wake anali mayi wachikulire. Atamva nkhani yathu sanayankhe mwachangu kuti palibe vuto. Anabwera kugalimoto, nanyonyomala pafupi ndi amalume, nati, "Bambo, kunena zoona sindinalandirepo mlendo wa pachikuku. Tandiuzani inuyo chofunika, ndione ngati ndingathe."

Amalume anafotokoza, mayiwo anamvetsera. Pakhonde panali sitepe imodzi yokha. Khomo la chipinda linali lokwanira, koma la kubafa linaperewera pang'ono chifukwa cha chitseko. Mayiwo anatuma mwana kukaitana kalipentala wa pafupi. Mmisiriyo anabwera ndi sowo, hamala ndi matabwa otsala pa ntchito ina. Anakhoma kanjira kotsetsereka kokwerera pakhonde, kotalika pafupifupi mamita awiri, nakhomera timatabwa m'mbali kuti teyala lisaphonye. Anazula chitseko cha kubafa, ndipo mayi aja anapachikapo nsalu. Anaboola pakati pa mpando wakale wa matabwa nauika pachimbudzi kuti pakhale pokwera ndi pogwira. Kubafa anaikako mpando wapulasitiki, ndowa ndi kapu pamalo ofikirika. Neti anaimasula naimangirira chingwe chofika pabedi, ndipo anabwereka tochi kuti ikhale kumutu. Ntchito yonseyi sinapitirire maola awiri, ndipo ndalama imene kalipentala analandira inali yochepera mtengo wa chipinda usiku umodzi.

Itatha ntchito, amalume anakana kuti tiwakankhe. Anagwira mateyala ndi manja awo, nakwera okha pakhonde, nalowa okha m'chipinda. Madzulo amenewo anadya mpunga wa ku Bwanje ndi nsomba, anamwa madzi ndi tiyi mosaopa, ndipo anacheza ndi mayi aja za mitengo ya feteleza ndi za ana a masiku ano mpaka usiku. Anagona tulo tabwino, osadzutsa munthu.

Mmawa tinafuna kuthandiza kuchotsa matabwa aja, koma mayiwo anatiletsa. Anati amayi awo omwe anasiya kudzawachezera chifukwa cha maondo, ndipo iwo sanaganizepo kuti vuto ndi sitepe ija. Tinaonanso mnyamata wobweretsa makireti a zakumwa akukwezera wilibala yake pomwepo mosavuta. "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa," anatero mayiwo akuseka. "Ndikapeza thumba la simenti ndimangitsa kolimba."

Zimene malamulo anena

Ena angaganize kuti nkhaniyi ikukhudza anthu owerengeka okha. Si choncho ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Onse pamodzi ndi oposa 1.5 miliyoni. Kalembera yemweyo anawerenga anthu achialubino 134,636. Pamwamba pa amenewa tiwonjezepo okalamba, amayi oyembekezera, ndi amene avulala pangozi nayenda ndi ndodo kwa kanthawi.

Malamulo alipo. Mu 1971 boma linakhazikitsa lamulo limene linabala bungwe la MACOHA. Mu 2006 bungwe la United Nations linavomereza pangano la ufulu wa anthu aulumali, ndipo dziko la Malawi linadzimanga nalo mu 2009. Panganoli limatchula za kufikirika kwa nyumba, misewu ndi zoyendera, ndiponso malo okopa alendo. Mu 2012 kunabwera lamulo la za ulumali, ndipo mu 2024 kunabwera lina latsopano, lolowa m'malo mwa awiri akale aja, limene linasintha MACOHA kukhala MACODA. Malamulowa amavomereza kuti munthu waulumali ali ndi ufulu wolowa ndi kuthandizidwa m'malo amene anthu onse amalandirirako chithandizo. Koma lamulo lili papepala ku Lilongwe, pamene sitepe ili pakhonde kumudzi. Amene angazikumanitse ziwirizi ndi mwini nyumba, mmisiri womanga, ndi mlendo wolimba mtima kufunsa.

Malangizo amene tatola pa ulendowu

Kwa inu amene muli ndi nyumba zogona alendo, malo odyera kapena sitolo, ndi inu amene mukuganiza zomanga: choyamba, konzani khomo limodzi lopanda sitepe. Ngati pali pokwera, mangani kanjira kotsetsereka, ndipo akatswiri amalangiza kuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera pakhale masentimita 12 a m'litali. Choncho masitepe atatu a masentimita 15 iliyonse amafuna kanjira ka mamita 5.4. Kanjira kachidule koimirira nkoopsa kuposa masitepe amene. Chachiwiri, makomo, makamaka a kubafa ndi kuchimbudzi, akhale a masentimita 90, ndipo m'kati mukhale malo okwanira kutembenuza chikuku, pafupifupi mita imodzi ndi theka. Chachitatu, ikani chitsulo chogwirira pakhoma, mpando wosambirapo, ndi pansi posaterera. Zimenezi zikakonzedwa pomanga sizidya ndalama zambiri. Zimadula pamene munthu ayamba kugumula chipupa chomangamanga.

Chachinayi, ndipo ichi sichifuna simenti, phunzitsani antchito anu. Alankhule ndi mlendo mwini wakeyo, osati womuperekeza. Asakankhe chikuku kapena kugwira munthu wosaona asanapemphe. Wosaona amuyendetse m'chipinda ndi kumuuza pamene pali bedi, chitseko ndi madzi, ndipo asasunthe katundu wake. Kwa wosamva pakhale pepala ndi cholembera, ndipo mlonda adziwe chipinda chimene wagona, kuti pakagwa ngozi akamudzutse. Mlendo wachialubino apatsidwe pamthunzi, ndi chipinda chokhala ndi loko wolimba, pafupi ndi mlonda. Pomaliza, nenani zoona pafoni. Kuli bwino kuyankha kuti "tili ndi masitepe atatu" kusiyana ndi kunena kuti "palibe vuto".

Kwa inu oyenda ndi mbale waulumali: musachite monga tinachitira ife tsiku loyamba. Funsani mafunso enieni. Pali masitepe angati? Khomo la kubafa ndi lalikulu bwanji? Pemphani kuti akutumizireni chithunzi pafoni. Nyamulani chingwe choyezera, tochi ndi mankhwala okwanira, ndipo mbale wanuyo akhale nawo pokonza ulendo, pakuti iye ndiye adziwa chimene thupi lake lifuna.

Tisanaloze chala eni mahotela, tiyambe tawerenga masitepe a kwathu. Sinodi ya Nkhoma ili ndi sukulu za ana osaona ku Chilanga ndi ku Malingunde, ndipo Sinodi ya Livingstonia ili ndi sukulu ya ana osamva ku Embangweni. Imeneyi ndi ntchito yotamandika. Koma nanga makomo a matchalitchi athu, maholo, nyumba zathu za alendo ndi zimbudzi za pa misonkhano ikuluikulu? Ndi okalamba angati amene timati afooka pa mapemphero, chonsecho chawabweza ndi khonde lalitali? Achinyamata, ntchito iyi ndi yanu. Muli ndi mphamvu zoumba njerwa ndi kutuuta mchenga, ndipo Loweruka limodzi lokha likwanira kutsegulira agogo wina khomo limene linamutsekeka zaka zambiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kubwerera kumapiri

Tsiku lachitatu tinagula mpunga ndi malambe, tinatsanzika mayi aja, ndipo tinayamba kukwera Khwekhwerere. Galimoto inkalira pokwera, mphepo yozizira inayamba kulowa pawindo, ndipo mmodzimmodzi tinavalanso majuzi athu. Pamalo pomwe tinaima potsika paja amalume anapempha kuti tiimenso. Anayang'ana kuchigwa nthawi yaitali osalankhula, kenaka anati, "Ndawaona mayi anga. Tsopano tiyeni."

Titafika pakhomo pawo tinatsitsa chikuku, ndipo monga mwa chizolowezi cha zaka zitatu tinakonzeka kuwanyamula kuti akwere pakhonde. Apo mpamene manyazi anatigwira, pakuti khonde la amalume athu omwe lili ndi masitepe awiri, ndipo ife tonse tinali tisanaganizepo kanthu. Mnyamata wathu anatulutsa chingwe chake chija m'thumba nayamba kuyeza. Anapeza masentimita 30, nawerengera kuti pafunika kanjira ka mamita 3.6. Loweruka lotsatira tinagula matumba awiri a simenti, ndipo amalume anakhala pamthunzi akuyang'anira ntchito, akudzudzula mzere wokhota monga ankachitira m'kalasi. Tsopano amatuluka okha kukaothera dzuwa, ndipo akuti chaka chamawa afuna akaone nyanja.